Chiseyeye cha amayi ndi warfarin: yankho kwa achemwali omwe afunsa

Achemwali, pepani ndi matenda a amayi. Mwati mtima wawo umagunda mosalongosoka, achipatala adawaika pa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana msanga, ndipo masiku ano akamatsuka mano mswachi ukumatuluka wofiira. Mwamvanso kuti tizilombo ta chiseyeye timaundanitsa magazi, ndiye mukufunsa ngati asiye kaye warfarin mpaka m'kamwa mupole, kapena muwagulire Flagyl kuti aphe tizilomboto. Chonde, zonse ziwirizi musachite. Warfarin apitirize kumwa monga adawauzira dokotala, ndipo m'kamwamo akawaone a mano sabata yomwe ino.

Choyamba timvetsetse chomwe warfarin akuwatetezera. Pa matenda a mtima wogunda mosalongosoka omwe madokotala amati atrial fibrillation, zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima sizifinya magazi mwamphamvu, zimangonjenjemera. Kuchipinda chakumanzere kuli kathumba kakang'ono kotulukira pambali, ndipo magazi akamayenda mwaulesi amakhazikika mmenemo, monga madzi amachitira pokhota mtsinje pomwe zinyalala zimasonkhana. Magazi okhazikika amaundana. Kachidutswa kakathothoka kamatsata mtsempha mpaka ku ubongo, kutseka njira, munthu n'kuchita sitiroko. Munthu wa mtima wotere ali pa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu kuposa mnzake, ndipo warfarin womwedwa bwino amachotsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a chiopsezocho. Akasiya kumwa, pakangopita masiku owerengeka chitetezocho chimatha.

Zomwe mwamva za tizilombo si bodza ayi. Chiseyeye chikakula, nkhama zimalekana ndi dzino n'kusiya timphako momwe mswachi sufikamo. Mmenemo mumaswana mabakiteriya, ndipo wotchuka kwambiri ndi Porphyromonas gingivalis. M'kati mwa timphakoto mumakhala zilonda, tsono munthu akamatafuna chimanga chokazinga kapena nzimbe, ngakhale potsuka mano pomwe, tizilombo tina timalowa m'magazi. Kachilombo ka Porphyromonas kaja kamatulutsa timichere totchedwa gingipain, ndipo mu labu zaoneka kuti timichereti timadzutsa zinthu zomwe zimaundanitsa magazi. Kuwonjezera apo, thupi lomwe likulimbana ndi kutupa kwa nkhama chaka ndi chaka limakhala ndi magazi osachedwa kugwirana.

Ofufuza a ku yunivesite ya Hiroshima ku Japan akhala akulondola nkhaniyi kwa zaka zingapo. Mu 2025 adasindikiza zomwe adapeza m'magazini ya madokotala a mtima ya Circulation. Mbewa zomwe adaziika kachilomboka m'dzino, patapita nthawi kadapezeka mu mtima, minofu ya chipinda chakumanzere ili ndi zipsera, ndipo mbewazo sizimachedwa kusokonekera kagundidwe ka mtima. Adayezanso tizidutswa ta kathumba kaja tochotsedwa kwa odwala pa opaleshoni ya mtima, ndipo kachilomboka kadapezeka kochuluka mwa omwe chiseyeye chawo chidali chachikulu. Zipserazo ndi zomwe zimafooketsa chipindacho kuti magazi azikhazikika.

Komabe tisathamange. Mu 2012 bungwe la American Heart Association lidaunika kafukufuku yemwe adalipo pa nkhani ya nkhama ndi matenda a mitsempha ya mtima, ndipo lidati ziwirizi zimayendera limodzi, koma padalibe umboni wokwanira woti chimodzi ndicho chimabala chinzake. Fodya, shuga ndi ukalamba zimawononga nkhama ndi mtima pamodzi, ndiye kulekanitsa n'kovuta. Mmene ndikuonera ine, umboni ulipowu ndi wokwanira kuti munthu wa mtima wosalongosoka asamanyozere chiseyeye, koma suli pafupi n'komwe ndi kunena kuti kuchiza nkhama kungalowe m'malo mwa warfarin. Kuchiza m'kamwa n'kuwonjezera chitetezo pamwamba pa mankhwala.

Nanga magaziwo akutuluka chifukwa chiyani? Nthawi zambiri nkhama zotupa ndizo zimatuluka magazi, warfarin amangochititsa kuti achedwe kuleka. Awuzeni amayi ayasamule pa dzuwa, muone bwinobwino. Nkhama zabwino zimagwira dzino zolimba. Zodwala zimaoneka zonenepa ndi zonyezimira, m'munsi mwa mano mumakhala zouma zachikasu kapena zakuda zomwe mswachi sungachotse, mano amaoneka ngati atalika, ena amagwedera, ndipo ukadina pang'ono pamatha kutuluka mafinya. Fungo la m'kamwa silitha ngakhale atsuke kangati.

Koma magazi amathanso kukhala chenjezo loti warfarin wachuluka m'thupi. Ndi chifukwa chake amayezetsa INR, nambala yoonetsa mmene magazi akuchedwera kuundana, yomwe kwa odwala ambiri otere imayenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Onani m'buku lawo lakuchipatala kuti adayezedwa liti komaliza. Ngati magazi a m'kamwa akutuluka okha osaleka, kapena pali kamfuno, mikwingwirima pakhungu osagundidwa, mkodzo wofiira, chimbudzi chakuda bii, kapena mutu wopweteka modzidzimutsa, musadikire tsiku la kiliniki. Pitani nawo tsiku lomwelo.

Pa Flagyl ndiye ndichite kukupemphani. Ambirife dzino likavuta timathamangira pa famase kapena pa golosale kukagula Flagyl ndi Brufen, ndipo kwa munthu wa pa warfarin awiriwa ndi oopsa. Flagyl, yemwe dzina lake lina ndi metronidazole, amalepheretsa chiwindi kuchotsa warfarin m'thupi, tsono INR imakwera kwambiri m'masiku ochepa ndipo munthu angathe kutaya magazi m'mimba kapena mu ubongo. Bactrim amachitanso chimodzimodzi, fluconazole nayenso. Brufen, diclofenac ndi aspirin amakanda m'mimba ndi kuwonjezera kutaya magazi. Pa ululu amwe Panado pa mlingo wake, osapitiriza masiku ambiri osauza achipatala. Ndiponso mapiritsi okha sachiza chiseyeye, chifukwa tizilomboto timabisala m'zouma zija, ndipo zoumazo zimachoka pokhapokha wa mano atazipala ndi zipangizo zake.

Zipatala zazikulu, Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, zili ndi mbali ya mano, ndipo m'zipatala zambiri za maboma muli ogwira ntchito ya mano. Mukafika, asanakhale n'komwe pa mpando uja, nenani kuti amayi ali pa warfarin ndipo perekani buku lawo. Nenaninso kuti mwabwerera nkhama, mukufuna kuti awapale mano, chifukwa ambiri timapita kumeneko pokhapokha dzino lafika pozula. Ngati pali dzino loti lichoke, kawirikawiri amayeza INR kutatsala tsiku limodzi kapena masiku ochepa, ndipo ikakhala pabwino amazula warfarin osasiyitsa, n'kutseka pabalapo ndi thonje loluma kapena ulusi. Wina akakuuzani kuti asiye mankhwala masiku angapo asanazule, mupempheni alankhulane kaye ndi dokotala wa mtima.

Chinanso chofunika kufunsa n'chakuti mtimawo udayamba bwanji kuvuta. Kwathu kuno anthu ambiri a mtima wosalongosoka, makamaka omwe sadakalambe, vuto lawo lidachokera ku valavu (kachitseko ka mu mtima) yowonongeka ndi rheumatic heart disease, matenda oyamba ndi zilonda zapakhosi paubwana. Ngati amayi ali m'gulu limeneli, kapena adaikidwa valavu yochita kupanga, a mano adziwe, chifukwa tizilombo ta m'kamwa timatha kukakhazikika pa valavu yotere n'kuyambitsa matenda aakulu. Odwala oterewa asasinthenso okha kupita ku mankhwala atsopano oletsa magazi kuundana monga rivaroxaban ngakhale achibale akunja atumize. Kafukufuku wa INVICTUS wa mu 2022 adaonetsa kuti pa mtima wa rheumatic, mankhwala a mtundu wa warfarin ndi omwe adateteza bwino.

Kunyumba, cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kusiya kutsuka pomwe pakutuluka magazi poopa kuputa bala. Pamenepo ndiye pofunika kutsuka. Agulireni mswachi wofewa, azitsuka m'mawa ndi pogona kwa mphindi ziwiri ndi mankhwala a mano okhala ndi fluoride, mswachi atauweramitsira pomwe dzino likumana ndi nkhama, mosakhula mwamphamvu. Makala, phulusa ndi kutokosa ndi machesi kapena phini azisiye. Kuchukucha madzi ofunda a mchere pang'ono kumatonthoza. Ngati amasuta kapena kufwenkha fodya, yesetsani kuwathandiza kuti aleke, ndipo ayezetse shuga, poti shuga wokwera salola nkhama kupola. Ngati amamwa amlodipine kapena nifedipine wa BP, muuzeni dokotala za nkhamazo, chifukwa mankhwala awiriwa amatha kuzikulitsa, koma asasiye okha.

Aliyense wokhala nawo pakhomo, ngakhale adzukulu, adziwe zizindikiro za sitiroko: kamwa kupotokera mbali imodzi, mkono kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, mawu kutuluka ozelezeka. Zikaoneka, ngakhale zitatha zokha patapita mphindi zochepa, pezani galimoto nthawi yomweyo, ndipo musawamwetse aspirin panjira.