Tifunseni za Kompyuta: Asilikali a m'gemu yanga akungoima ngati zitsa

Funso: Ndikupanga gemu pa laputopu, ya asilikali olondera mlatho wa Bakili Muluzi pa mtsinje wa Shire. Aliyense ndamulembera malamulo akeake: akaona mdani aombere, zipolopolo zikatha athawe. Koma ndikangowonjezera lamulo limodzi, ena akusokonekera, ena akungoima poyera mpaka kuomberedwa. Nditani? Wophunzira, Mangochi Boma

Yankho: Achimwene, laputopuyo ilibe mlandu. Mukuumba ubongo wathunthu wa msilikali aliyense payekha, n'chifukwa chake mukakonza apa pakuphwasuka apo. Umbani tizidutswa ting'onoting'ono, kalikonse kodziwa ntchito imodzi: kupita pamalo, kupeza pobisala, kuombera, kuitana anzake. Kakagwira ntchito kaziyankha chimodzi mwa zitatu: zatheka, zakanika, kapena zikuchitikabe.

Tizidutswato mumatilumikiza mu behavior tree, kutanthauza kusanja zochita za msilikali ngati nthambi za mtengo, njira imene inatchuka ndi gemu ya Halo 2 ya 2004. Damian Isla wa ku Bungie, kampani imene inapanga gemuyo, anaifotokoza pa msonkhano wa opanga magemu mu 2005. Mfundo zazikulu za njirayi n'ziwiri. Sequence imatsata masitepe mwandondomeko, imodzi ikakanika zonse zaima. Selector imayesa nthambi imodziimodzi mpaka itapeza yotheka.

Kwa mlonda wanu wa pamlatho, pamwamba ikani selector. Nthambi yoyamba: wavulala? Apeze pobisala, apiteko, aitane anzake. Yachiwiri: mdani akuoneka, zipolopolo zilipo? Aombere. Yomaliza ikhale yosakanika, kungolondera uku ndi uku. Oima ngati zitsa aja ndikuganiza akusowa imeneyi: malamulo onse akanika, ndiye palibe chotsala choti achite. Dongosolo la nthambi ndiye khalidwe la msilikali. Mukaika kuombera patsogolo pa kubisala, mwapanga wosaopa imfa, osalemba mzere watsopano wa pulogalamu.

Pamene ambiri amaphonya ndi apa: kachidutswa kopita pamalo kasadziwe za mlatho. Kaziwerenga kopita pa blackboard, pomwe msilikali amasunga zimene akudziwa. Mukatero, komweko kayendetsa mlonda, wonyamula ovulala, ngakhale boti lochokera ku Monkey Bay.

Unreal Engine, pulogalamu yopangira magemu, ili nazo kale behavior tree ndi blackboard, koma imalemera pa laputopu wamba. Godot, pulogalamu inanso yotere, ndi yaulere komanso yopepuka, kungoti behavior tree mudzachita kuwonjezera. Mudzamvanso za njira ina yotchedwa GOAP, ya mu gemu ya F.E.A.R. ya 2005, pomwe msilikali amadzikonzera yekha mapulani. Imeneyo isiyeni kaye mpaka mlonda mmodzi atayamba kubisala bwino.