Kodi Disney idagula chiyani pogula Maker Studios?

Mchemwali wina wandilembera imelo. Akuti amajambula mavidiyo a zophikaphika n'kuika pa YouTube, ndipo kampani ina yamunyengerera kuti alowe m'gulu lake, iyo izimupezera otsatsa malonda n'kumagawana naye ndalama. Pofufuza wakumana ndi dzina la Maker Studios, ndiye akufunsa kuti kampaniyi inali yotani, nanga idathera kuti.

Achemwali, Maker idayamba mu 2009 ku Venice, mumzinda wa Los Angeles. Oyambitsa ake anali achinyamata ojambula mavidiyo oseketsa, monga Lisa Donovan, Danny Zappin, Shay Carl ndi Kassem G. Poyamba ankabwerekana makamera, wina n'kumaoneka m'vidiyo ya mnzake kuti owonera a uyu amudziwenso uyo. Apa ine ndilibe nawo chifukwa, paja mutu umodzi susenza denga.

Zinthu zidasintha pamene adayamba kusainitsa matchanelo mwaunyinji. Pa ndalama za otsatsa, YouTube imatenga 45 peresenti, ndipo Maker inkadula gawo lake pa 55 yotsalayo, mwini tchanelo n'kulandira zotsalira. Kumapeto kwa 2012 adakopa PewDiePie, mnyamata wa ku Sweden wojambula akusewera magemu. Chaka chomwecho Ray William Johnson, mmodzi mwa otchuka kwambiri pa YouTube panthawiyo, adakangana nawo poyera pa nkhani ya kontrakiti n'kuchoka.

Mu Marichi 2014 Disney idagula Maker pa madola 500 miliyoni, n'kulonjeza kuwonjezera mpaka 450 miliyoni ngati kampaniyo ikula monga momwe adagwirizanirana. Manambala ake ankakometsa m'kamwa: matchanelo 55,000, mavidiyo owoneredwa ka 5.5 biliyoni pamwezi. Koma zonse pamodzi Disney idalipira 675 miliyoni basi, kusonyeza kuti zomwe ankayembekezera sizidakwanire.

Ine ndimaona kuti vuto linali loti Maker inalibe chake. Owonera anali a YouTube, chikondi cha owonerawo chinali cha ojambula, Maker inali pakati ngati munthu wogulitsa katundu wa eni pa benchi la eni. Idayesa kupeza pakepake pogula Blip, webusaiti yoonetsa mavidiyo, mu 2013, koma Blip idatsekedwa mu 2015. Komanso taganizani, matchanelo zikwizikwi angasamalidwe bwanji ndi ofesi imodzi? Ang'onoang'ono ambiri ankangodulidwa ndalama, thandizo osaliona.

Mu Febuluwale 2017 Disney idathetsa mgwirizano ndi PewDiePie nyuzipepala ya Wall Street Journal itaulula nthabwala zake zonyoza Ayuda. Chaka chomwecho Maker idamezedwa ndi Disney Digital Network, nthambi ya Disney yoona za mavidiyo a pa intaneti, ndipo pa khamu lonse lija la ojambula adangosunga mazana ochepa.

Tsono inu achemwali, musanasaine kanthu, auzeni akutumizireni kontrakiti yonse. Onani kuti akutenga maperesenti angati, mgwirizanowo ndi wa miyezi ingati, ndipo ukatha umapitirira wokha kapena ayi. Tchanelo ndi akaunti ya AdSense, yolandirira ndalama za otsatsa kuchokera ku YouTube, zikhalebe m'dzina lanu. Muwafunsenso mayina a ojambula atatu ang'onoang'ono ngati inu omwe ali nawo kale, muwalembere nokha, muwafunse kuti mwezi watha kampaniyo idawapezera wotsatsa uti.