Makina oyezera mpweya pamtaya wa zinyalala zoopsa akungolemba ziro

Funso: Ndimagwira ntchito pamtaya wa zinyalala zoopsa za m'mafakitale. Makina athu a m'manja oyeza mipweya inayi akungolemba ziro pa methane, mpweya woyaka moto uja, ngakhale tiime pafupi ndi paipi yotulutsa mpweya pomwe fungo likuchita kulasa mphuno. Akamayaka saonetsa vuto lililonse. Kodi ndi batire?

Batire musalinamizire, bambo. Sensa ya methane yafa. Makina otere akafika patebulo panga, kawirikawiri ndimapeza kuti wina anawapukuta ndi mankhwala owalitsira okhala ndi silikoni, kapena amagona m'bokosi limodzi ndi girisi ndi zomatira. Sensa imeneyi ndi kamkanda kakang'ono kokhala ndi kawaya ka platinum m'kati. Kamkandako kamatentha, methane akafika amapsera pomwepo, ndipo makina amawerenga kutenthako. Silikoni akapsera pamenepo amasiya kachikuto ka galasi, kamkanda basi kaleka kuwotcha. Mipweya ya sulfure ndi ya chlorine, yomwe pamtaya ngati wanuwo siisowa, nayonso imakafooketsa. Koma magetsi amayendabe bwinobwino m'kawayako, n'chifukwa chake makina akamadziyeza okha poyaka amati zonse zili bwino. Sensa yakufa ndi mpweya wabwino zimalemba nambala yofanana. Za fungozo zisakusokonezeni, methane sanunkha, chikukulasani mphunocho ndi china.

Ndiye ndikufunseni: bump test munachita liti komaliza? Ndikudziwa kale yankho. Silinda ya mpweya woyesera ili mu ofesi, pansi pa tebulo, yachita fumbi.

Bump test ndi kuwanunkhitsa makina mpweya womwe mukuudziwa kale, kuti muone ngati akumva. Chitani m'mawa uliwonse musanatuluke. Yatsani makina panja pa mpweya wabwino, kutali ndi mtaya komanso kutali ndi galimoto yomwe injini yake ikulira, muwasiye akhazikike mpaka okosijeni alembe 20.9 peresenti. Vekani kachipewa kake pa masensa, lumikizani kapaipi, tsegulani regyuleta ya theka la lita pa mphindi. Masilinda ambiri a mipweya inayi amakhala ndi methane wa 50 peresenti ya LEL (mlingo wochepetsetsa womwe mpweyawo ungaphulike nawo), hydrogen sulphide 25 ppm (magawo pa miliyoni), carbon monoxide 100 ppm ndi okosijeni 18 peresenti, koma werengani pepala la pa silinda yanuyo, osati zanga. Nambala zonse zinayi zisunthe, alamu alire, nyali ziphethire, makina anjenjemere m'manja. Musangomvera kulira kokha ayi. Yang'anani liwiro lomwe nambala ya methane ikukwerera. Sensa yamoyo imathamanga, pomatha theka la mphindi yayandikira nambala ya pa silinda. Yomwe yayamba kudya poizoni imachita kukwawa, ifike 20, ipume, ifike 28, n'kuima pomwepo. Imeneyo ndiye yoopsa kuposa yakuferatu, chifukwa ena amaiona yasuntha n'kunena kuti ili bwino. Ikalephera, chitani calibration yonse, kutanthauza kuwakonza makina kuti aziwerenga ndendende nambala za pa silinda. Ikakanikanso, sinthani sensa.

Onaninso deti pa silinda. Hydrogen sulphide sakhalitsa m'silinda, amachepa yekha pang'onopang'ono. Mukachita calibration ndi silinda yotha nthawi ndiye kuti mwaphunzitsa makina bodza, ndipo adzakuuzani bodza lomwelo kumtaya. Kapaipi kakhale kafupi, kouma, kokhala ndi Teflon m'kati. Timapaipi totchipa ta rabala timamwa mpweya usanafike pa sensa. Ndipo chonde, osayesa ndi laita ya fodya. Mpweya wa m'laita ndi butane wosasungunula, umaithodwetsa sensa, ndipo sukuuzani kanthu za masensa ena atatuwo.

Funso: Tikalowetsa kapaipi m'chitsime cha mpweya, paipi yokumbiridwa m'kati mwa mtaya ija, nambala imalumpha mpaka pamwamba kenako n'kugwa kufika pafupi ndi ziro. Ndiye kuti mpweya watha?

Ayi, wachuluka mopitirira. Methane amaphulika akakhala pakati pa 5 ndi 15 peresenti mumpweya, ndipo 100 peresenti ya LEL pa makina anuwo ndi 5 peresenti chabe. M'chitsime cha pamtaya pomwe pali zowola, methane amatha kufika theka la mpweya wonse, gawo lalikulu lotsalalo n'kukhala carbon dioxide, okosijeni pafupifupi palibe. Kamkanda kaja kamafuna okosijeni kuti kawotche. Okosijeni akatsika pansi pa 10 peresenti musakhulupirirenso nambala ya methane. Makina a m'manjawo ntchito yawo ndi kuteteza munthu amene wawavala. M'chitsime mumalowa analyser ya infrared, makina ena oyeza mpweya ndi kuwala osati ndi kuwotcha, ndipo muike fyuluta yotchinga madzi, chifukwa mpweya wa mmenemo umatuluka wofunda ndi wonyowa. Pampu ikamwa madzi musabwere kudzandiuza kuti yangofa yokha.

Funso: PID yathu yoyezera nthunzi za mankhwala imalemba manambala okwera m'mawa kapena mvula ikangokata, ngakhale pamalo pomwe palibe migolo.

Nyali ya m'kati mwa PID, yomwe imaunikira nthunzizo, yada. Fumbi likamatira pa kagalasi ka nyali ndi pa timawaya ta m'kati, limayamwa chinyezi, magetsi n'kumadutsa pomwe sayenera, makina n'kumawerenga ngati mpweya. Fungatirani kamwa ka makinawo m'dzanja lanu kwa kanthawi. Nambala ikakwera ndi chinyezi cha m'dzanja chokhacho, tsukani nyali ndi zotsukira zake, muiumitse, musinthe fyuluta, kenako calibration ndi mpweya wa isobutylene wa 100 ppm. Kagalasiko musakagwire ndi zala. Dziwaninso kuti nyali ya mphamvu ya 10.6 eV imaona benzene ndi toluene koma siona methane, ndipo methane akachuluka amatsitsa nambala ya zinazo. Nyali zotchipa zopanda dzina zomwe mabwana ogula katundu amazikonda zimafooka msanga. Ine sindiziika.

Funso: M'dzenje lomwe timapopera madzi a zinyalala munkanunkha mazira owola, koma titayandikira fungo linatha. Tingalowe kukakonza pampu?

Musalowe. Hydrogen sulphide, mpweya wonunkha ngati mazira owolawo, akafika cha m'ma 100 ppm amapha mphuno, fungo n'kuzimiririka pomwe mpweyawo wachuluka. Ndi wolemera kuposa mpweya wamba, choncho amakhala pansi. Tsitsani kapaipi muyeze pamwamba, pakati ndi pansi penipeni, ndipo paliponse dikirani kuti mpweya uyende kapaipi konse ufike pa sensa. Anthu amatsitsa n'kukoka nthawi yomweyo ngati akutunga madzi. Okosijeni akatsika pansi pa 19.5 peresenti, kapena methane akafika 10 peresenti ya LEL, palibe wolowa. Madziwo akavundulidwa amatulutsa mpweya wina watsopano, ndiye makina akhale pachifuwa cha wolowayo nthawi yonse. Zina za chilolezo, fani, chingwe ndi munthu wodikira pamwamba mukuzidziwa kale.

Funso: Zitsime zoyezera za m'malire mwa mtaya, lero zilemba ziro, mawa zilemba methane wambiri. Makina ndi omwewo, ndipo bump test akupambana.

Apa makina alibe mlandu. Yang'anani barometer, chida choyezera mphamvu ya mpweya wa mumlengalenga. Mphamvu ya mpweya wa mumlengalenga ikamatsika msanga, monga kukamabwera mvula yamkuntho, nthaka imatulutsa mpweya womwe unali m'kati. Ikamakwera imaukankhira pansi. Mu 1986 ku Loscoe, m'dera la Derbyshire ku England, nyumba inaphulika ndi mpweya wochokera kumtaya wapafupi womwe unayenda pansi pa nthaka, mphamvu imeneyi itatsika kwambiri, ndipo anthu atatu a m'nyumbamo anavulala. Pambali pa nambala iliyonse lembani nthawi, zomwe barometer ikulemba, komanso ngati ikukwera kapena ikutsika. Tsiku lomwe yayamba kutsika, kayezeninso zitsime zoyandikana ndi nyumba za anthu, ngakhale munayeza dzulo lake.