Funsani Adokotala: Khungu lalimba pamene panali mashingozi

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wamwamuna wa zaka 24 anadwala khansa ya m'magazi, ndipo ku India anamuika mafuta a m'mafupa ochokera kwa mlongo wake. Tsopano patha chaka ndi miyezi iwiri. Atabwerako anadwala mashingozi m'nthiti n'kupola, koma pamalo pomwepo khungu layera, likunyezimira ndiponso lalimba moti silitsinika. M'chiuno momwe amamangamo lamba mwayambanso chimodzimodzi. Kuchipatala china anati ndi chipere, koma mankhwala odzola amene anamupatsa sanathandize. Kodi khansa ija yabwerera? Ndine mayi wodandaula, ku Lilongwe.

YANKHO: Mayi, khansa ya m'magazi imatha kuonekera pakhungu, koma zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi matenda otchedwa graft-versus-host disease, mwachidule GVHD. Mafuta a m'mafupa amabwera ndi chitetezo cha mwini wake, choncho maselo oteteza a mlongo wake uja amatha kuona thupi la mwana wanuyo ngati mdani n'kuyamba kulimbana nalo, ngakhale kuti awiriwa ndi a bere limodzi.

GVHD yofulumira imabwera kawirikawiri m'masiku 100 oyambirira munthu ataikidwa mafutawo, ndipo imatulutsa zidzolo m'manja, kumapazi, m'khosi ndi m'makutu. Ya mgonagona, imene ndikuiganizira pano, imachedwa ndipo imasokoneza madokotala ambiri chifukwa imafanana ndi matenda ena. Imatha kuyeretsa khungu mawangamawanga mpaka anthu kuganizira khate, kuthothola tsitsi, kuwononga zikhadabo kapena kuletsa thukuta kutuluka. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, ndiye chizindikiro choyamba chimangodutsa osazindikiridwa.

Chimene chandikopa m'kalata yanu ndi malo awiri amene mwatchulawo. Matendawa amakonda kuyambira pakhungu limene linavulalapo kale, monga pachipsera cha mashingozi, kapena pamene chovala chimafinya tsiku ndi tsiku, monga polowa lamba kapena bra. Akalowerera mpaka pa kansalu kokuta minofu, khungu la mkono kapena ntchafu limaoneka la mabampumabampu, ndipo chigongono, dzanja kapena phewa zimakanika kutambasuka. Apa ndi pamene ndimadandaula kwambiri, chifukwa khungu likalimbiratu limavuta kufewetsanso, ndipo zilonda za pamsongolo zimachedwa kupola.

Musachedwe kudziwitsa madokotala amene anamuika mafutawo, ndipo muwatumizire zithunzi zojambulidwa powala bwino. Kuno kwathu aonane ndi katswiri wa matenda a khungu kapena a magazi pachipatala chachikulu, amene angadule kachidutswa ka khungu kuti akapime. Amuonenso m'kamwa, m'maso, chiwindi ndi mapapo, chifukwa GVHD sikhala pakhungu pokha. Ngati akupuma movutikira, apite tsiku lomwelo.

Mankhwala oyamba amakhala ochepetsa chitetezo cha thupi otchedwa prednisone, nthawi zina pamodzi ndi tacrolimus kapena ciclosporin. Awa akalephera pali ruxolitinib, amene dziko la America linavomereza mu 2021 pa GVHD ya mgonagona, ngakhale kuti ndi wokwera mtengo. Mafizo otambasula ziwalo ayambe msanga. Amasule lamba, azidzola mafuta ofewetsa khungu ndipo azipewa dzuwa, chifukwa limadzutsa matendawa komanso limawonjezera chiopsezo cha khansa ya pakhungu. Ngati pali mankhwala ochepetsa chitetezo amene anasiya kapena kuchepetsa posachedwa, muwauze madokotalawo tsiku lenileni limene anatero, popeza GVHD imakonda kutulukira nthawi ngati imeneyo.