Mafunso a Owerenga: Kukonza Nyumba ya Lendi ndi Kuika Alamu ya Utsi, Udindo Ndi wa Ndani?

FUNSO: Akonzi, ine ndi banja langa takhala m'nyumba ya lendi kwa zaka zitatu. Tikulowa tinapezamo alamu imodzi ya utsi pafupi ndi zipinda zogona, koma miyezi iwiri yapitayi inayamba kulira modukizadukiza usiku, mpaka bambo a ana anachotsa batire kuti tizigona. Titawauza eni nyumba, anayankha kuti zimenezo ndi zathu popeza ndife tikukhalamo. Kuwonjezera apo, denga likudontha m'chipinda cha ana ndipo khoma layamba kuchita chuku. Kodi woyenera kukonza zonsezi ndani? Ndine mayi wa ana atatu.

YANKHO: Mayi, tisanafike pa nkhani ya udindo, tikupemphani kuti muike batire latsopano mu alamuyo lero lomwe, ngakhale mutagula ndi ndalama zanu, chifukwa za ndalamazo mungathe kukambirana ndi eni nyumba pambuyo pake. Munthu akagona tulo, mphuno zake sizimudzutsa ngakhale m'chipinda mutadzaza utsi, ndipo anthu ambiri amene amafa nyumba ikapsa amaphedwa ndi utsi ndi mpweya woipa moto weniweniwo usanawafike. Kulira kodukizadukiza kumene munamva kuja sikutanthauza kuti alamuyo yasokonekera. Ndi mmene imanenera kuti batire latsala pang'ono kutha, kapena kuti iyo yomwe yakalamba. Muichotse pamene inamangidwa ndi kuyang'ana kumbuyo kwake, pamene pamalembedwa tsiku limene inapangidwa. Ngati padutsa zaka 10, kusintha batire sikukwanira, pakufunika alamu yatsopano, pakuti kachipangizo kamene kamamva utsi m'katimo kamafooka ndi fumbi ndiponso ukalamba.

Malamulo a nyumba za lendi amasiyana dziko ndi dziko, choncho ndi bwino kuwerenga pangano lanu la lendi ndi kufunsa ku khonsolo kapena kwa wodziwa malamulo kumene mukukhala. Komabe, m'maiko amene nkhaniyi inalembedwa momveka bwino m'malamulo, mfundo zake n'zofanana. Ku England, lamulo la mu 2015, limene linakonzedwanso mu 2022, limafuna kuti mwini nyumba aike alamu ya utsi yosachepera imodzi pa nsanjika iliyonse imene pali chipinda chokhalamo anthu, aonetsetse kuti ikugwira ntchito pa tsiku loyamba la lendi, ndipo akauzidwa kuti yawonongeka aikonze kapena aike ina. Akanyalanyaza chenjezo la khonsolo, angathe kulipitsidwa chindapusa chofika mapaundi 5,000. Ku France alamu ya utsi inakhala yokakamiza m'nyumba zonse mu 2015, ndipo wogula ndi mwini nyumba pamene wokhalamo amaisamalira. Ku New Zealand, kuyambira mu 2016, mwini nyumba amaika alamu m'chipinda chogona chilichonse kapena pasanathe mamita 3 kuchokera pakhomo pake, ndipo wochita lendi amasintha mabatire ngati alamuyo ndi ya mabatire osinthika.

Mukuona tsono kuti eni nyumba anu sanalakwitse zonse. Kugula batire ndi kudina batani loyesera alamu kamodzi pa mwezi kumagwera kawirikawiri inu okhalamo. Koma ngati alamuyo yatha ntchito, kapena ikupitiriza kulira mutaika batire latsopano, kuisintha ndi udindo wawo.

Za denga palibe chokayikitsa, ndipo pamenepa tikulankhula mosapsatira. Denga, makoma, mawindo, mapaipi a madzi, ngalande, chimbudzi ndi mawaya a magetsi ndi nyumba yeniyeniyo imene mumailipirira lendi, ndipo zikawonongeka chifukwa cha mvula, dzuwa kapena kukalamba, wokonza ndi mwini wake. Ku England mfundo imeneyi ili m'gawo 11 la lamulo la mu 1985 lokhudza eni nyumba ndi ochita lendi, ndipo mwini nyumba sangaithawe pongolemba m'pangano kuti zonse zili kwa wolowa. Chanu ndi kukonza zimene inu, ana anu kapena alendo anu mwawononga, monga galasi losweka kapena sinki yotsekeka ndi zimene munatayamo, kusunga nyumba mwaukhondo, kutsegula mawindo kuti mpweya uziyenda, ndi kunena msanga mukaona vuto. Chuku chimene chabwera chifukwa cha denga lodontha sichingathe popukuta khoma, chifukwa madzi akadalowabe chimamerera pomwepo. Musachione ngati nkhani ya maonekedwe chabe, makamaka m'chipinda chogona ana. Mu December 2020 mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale m'dziko la England, ndipo kafukufuku wa imfa yake anapeza mu 2022 kuti anadwala matenda a kupuma chifukwa chokhala nthawi yaitali m'nyumba ya lendi ya chuku, ngakhale kuti makolo ake anali atadandaula. Ngati mwana wanu akutsokomola kapena akubanika, mupite naye kuchipatala, ndipo pakadali pano anawo azigona m'chipinda china.

Alembereni eni nyumbawo kalata kapena uthenga wa pafoni wokhala ndi tsiku, wofotokoza vuto lililonse palokha, ndi zithunzi za denga ndi khoma, komanso tsiku limene mukupempha kuti ntchitoyo ikhale itayamba. Mawu a pakamwa munthu angathe kuwakana mosavuta, ndipo m'malamulo ambiri udindo wa mwini nyumba pa zowonongeka za m'kati umayamba kuwerengedwa kuchokera pamene wauzidwa.

FUNSO: Ndili ndi nyumba ziwiri zimene ndimachititsa lendi, ndipo ndinaika alamu ya utsi m'khitchini ya iliyonse. Nditapita kukayendera, ndinapeza imodzi yokutidwa ndi pulasitiki, akuti imalira akamaphika. Kodi moto utabuka, mlandu ungakhale wanga? Nanga ndingalowe nthawi iliyonse kukaona ngati ikugwira ntchito? Ndine bambo wopuma pantchito.

YANKHO: Bambo, munachita bwino kuika ma alamuwo, koma malo amene munasankha ndi amene abweretsa vutoli. Alamu ya utsi ikakhala pafupi ndi chitofu imalira ndi nthunzi ndi utsi wa mafuta, ndipo anthu akatopa nayo amaiphimba, kenako amaiwala kuivundukula. Iyenera kukhala pa siling'i, kutali ndi ngodya, pa mtunda wa mamita atatu kapena kuposerapo kuchokera pophikira, ndiponso kutali ndi khomo la bafa. Malo ofunika kwambiri ndi njira yochokera ku zipinda zogona kupita panja. M'khitchini mwenimwenimo muike alamu yomva kutentha, imene siilira ndi utsi wa ndiwo zopserera koma kutentha kukakwera kwambiri.

Mtundu wa alamu nawonso ndi wofunika. Ina imagwira ntchito ndi kuwala, ndipo pabokosi pake pamalembedwa kuti photoelectric kapena optical. Utsi ukalowa umamwaza kuwalako n'kuyambitsa kulira, ndipo mtundu umenewu umamva msanga moto wonyeka pang'onopang'ono, monga wa matiresi, mipando ya thonje kapena mawaya otentha, umene ndi woopsa kwambiri usiku. Mtundu wina, wa ionisation, umamva msanga moto wa malawi koma umalira kawirikawiri popanda chifukwa pafupi ndi khitchini. Ngati mungakwanitse, gulani zokhala ndi batire lomatidwa lokhala zaka 10, limene wochita lendi sangachotse, ndiponso zolumikizana, zoti imodzi ikalira zonse zimalira. Ku Scotland ma alamu olumikizana akhala ofunika m'nyumba zonse kuyambira mu February 2022. Ngati m'nyumbazo muli chotenthetsera chogwiritsa ntchito gasi, mafuta kapena nkhuni, muikenso alamu ya carbon monoxide, mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo alamu ya utsi siiumva.

Wochita lendi amene waphimba kapena kuchotsa alamu wadzisenzetsa yekha mlandu, koma inu mudzafunika umboni woti munachita mbali yanu. Polowetsa munthu watsopano, yesani alamu iliyonse iye akuona, mulembe tsikulo ndipo nonse musaine. Za kulowa m'nyumba, kumbukirani kuti ngakhale nyumbayo ndi yanu, pa nthawi ya lendi ndi pakhomo pa munthu wina. Mudziwitseni pasadakhale, ndipo maola 24 ndi amene malamulo a ku England amatchula pa kuyendera kotereku, kupatula pa ngozi yeniyeni monga moto kapena kutuluka kwa gasi.

FUNSO: Soketi ya m'chipinda changa imathetheka ndipo yada, koma eni nyumba akhala akulonjeza kwa mwezi wathunthu. Kodi ndisiye kulipira lendi mpaka atakonza? Ndine wophunzira.

YANKHO: Musaigwiritsenso ntchito soketiyo, muzimitse magetsi a chigawo chimenecho pa bokosi lalikulu, ndipo musayese kuikonza nokha, chifukwa kuthetheka ndi kuda kwake zikusonyeza kuti mawaya akutentha m'kati mwa khoma. Koma kusiya kulipira lendi sitikukulangizani. M'maiko ambiri kulipira lendi ndi kukonza nyumba zimaonedwa ngati maudindo awiri osiyana, kotero kuti mungathe kutulutsidwa chifukwa cha ngongole ngakhale dandaulo lanu lili loona. Kumene lamulo limalola kukonzetsa nokha n'kuchotsera pa lendi, pamakhala ndondomeko yofunika kuitsata: kulemba kalata, kupereka nthawi yokwanira, kusonyeza mitengo ya amisiri ovomerezeka ndi kusunga malisiti. Njira yosavuta ndi kupempha eni nyumbawo kuti avomere molemba kuti muitane wamagetsi wovomerezeka ndipo ndalamazo zichotsedwe pa lendi ya mwezi wamawa. Akakana zimenezonso, tengani makalata anu ndi zithunzi za soketiyo kupita nazo ku khonsolo kapena ku bwalo loweruza nkhani za nyumba za lendi.