"Kodi chikhulupiriro chithera pa ife?" Yankho langa kwa amayi ena

Sabata yatha amayi ena ananditumizira imelo. Atumikira mumpingo zaka zoposa 40, koma adzukulu awo amakhala benchi lakumbuyo foni ili m'manja, ena anasiyiratu kubwera. Akufunsa kuti iwo achikulire achite chiyani.

Amayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo yandikumbutsa munthu amene ndatha zaka osamutchula.

Ndili ndi zaka 14, kutchalitchi ndinkapita poopa kukalipiridwa basi. Kunali mkulu wina wosunga makiyi. Sanali mlaliki, ndipo akayamba kuimba ankasocheretsa benchi lonse. Tsiku lina titaweruka anandigwira dzanja pakhomo n'kunena kuti, "Iwe, maso angawa atha. Uzindiwerengerako." Ndinavomera monyinyirika. Loweruka lililonse tikatha kusesa ndi kuyala mabenchi, ankatulutsa Baibulo lawo lomanga ndi mphira, chikuto chitachoka kalekale. Ine mtima uli ku mpira, ndinkadumpha mavesi kuti tithe msanga. Tsiku lina pa Salimo 71 ndinadumpha atatu. Mkuluyo, maso ali chitsinzire, anangoti, "Bwerera. Wasiya pamene akunena za imvi." Linali vesi 18, pamene wamasalimo akupempha Mulungu kuti asamusiye muukalamba mpaka atauza mbadwo wotsatira za mphamvu yake. Salimolo analidziwa pamtima. Mpaka lero ndimakayika ngati maso aja anathadi.

Patapita chaka akazi awo anamwalira. Ndinkaganiza kuti Loweruka limenelo sabwera, koma ndinawapeza atatsegula kale. Pemphero la tsiku limenelo linandiopsa. Ankachita kukangana naye Mulungu, kumufunsa kuti awasiyiranji okha, mawu akunjenjemera, misozi ikugwera pamalaya. Ndinkadikira kuti denga ligwe. Atati ameni anatola tsache n'kuyamba kusesa. Maulaliki a zaka zimenezo ndinawaiwala onse, koma zimenezo zinandikhala.

Ndiye pepani Amayi, ndilankhula mosabisa, poti nanenso imvi zayamba. Ife akuluakulu timakonda kulangiza, koma sitifuna kuti ana ationere pafupi. Timawauza za mapemphero oyankhidwa okhaokha, za kugwa kwathu timakhala chete, kenako n'kumadabwa kuti mwana akangopunthwa kamodzi akuthawa mpingo. Iye amaganiza kuti mkatimo muli anthu osachimwa. Tikakanidwa timathawira m'mwambi uja wakuti mawu a akulu akoma akagonera, ngati kuti ntchito yathu ndi kulankhula n'kudikira kuti mwana apse.

Zinanso, ana tinawatulutsa tokha. Sande sukulu ndimailemekeza, ndinaphunzitsako zaka zingapo. Koma pamene Robert Raikes ankaiyambitsa ku Gloucester, ku England, mu 1780, ankaganizira ana osauka amene ankagwira ntchito masiku 6 pa sabata, opanda wowaphunzitsa kuwerenga. Ife taisandutsa malo otayirako ana kuti tipemphere mopanda phokoso. Mwana amakula zaka 12 kapena 13 asanaonepo agogo ake akugwada. Akakula timamuika m'gulu la achinyamata, nalonso lapalokha. Ndiye tsiku limene tikufuna kuti alowe pakati pathu amafika ngati mlendo. Deuteronomo 6 ntchito yophunzitsa ana za Mulungu anaiika m'nyumba, m'njira, pogona ndi podzuka. Ngakhale Timoteo, Paulo akunena kuti chikhulupiriro chake chinayamba mwa agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike.

Za mafoni ndisanamizire chiyero. Lamulungu lina ndinasuzumira foni ya mnyamata wokhala patsogolo panga, ndikudziuza kuti mwina akuwerenga Baibulo. Ankaona zigoli za mpira. Ndinakwiya, mpaka nditakumbukira mavesi atatu aja.

Nanga muchite chiyani?

Musanafike pamenepo, pali chimene chikumveka m'kalata yanu ngakhale simunachilembe, chakuti mwina munalephera pa ana anu ndiye mulibe pakamwa polankhulira. Kawerengeni 1 Samueli 3. Eli anali atakalamba, maso akuchita chidima, ana ake awiri atamuchititsa manyazi pamaso pa Israeli yense. Komabe Samueli ataitanidwa usiku katatu osadziwa amene akumuitana, ndi Eli yemweyo amene anazindikira n'kumuuza mmene ayankhire. Mulungu sanadikire nkhalamba yopanda banga. Ndipo Oweruza 2:10 amandiwawa nthawi zonse: Yoswa atamwalira ndi zaka 110, ndi a msinkhu wake atatha, panauka mbadwo wosadziwa Yehova ngakhale ntchito zimene anachitira Israeli. Timafulumira kudzudzula anawo, koma nkhani imene sunauzidwe ungaidziwe bwanji?

Ndiye musaitanitse msonkhano wa achinyamata, Amayi, misonkhano ilipo kale yambiri. Sankhani mmodzi, ngakhale asakhale mdzukulu wanu, poti adzukulu nthawi zina amamva bwino kwa agogo a eni. Mumupemphe thandizo lenileni, kaya kukuikirani Baibulo pafoni, kaya kukuperekezani kokaona wodwala. Akafunsa funso lovuta musamutseke pakamwa, ndipo tsiku lina mumuuzeko za nthawi imene munaleka kupemphera ndi chimene chinakubwezani. Kenako mumusiyire ntchito imene mumaikakamira.

Chomalizachi ndiye chovuta. Mkulu uja anandipatsa makiyi a tchalitchi ndili ndi zaka 16, ndipo ndinawataya mwezi womwewo. Akulu anzawo anawanena kwambiri. Iwo anathyola loko, kugula wina ndi ndalama zawo, n'kundipatsanso kiyi, ulendo uno atamangirira chingwe choti ndizikoleka m'khosi.