Funsani Akatswiri: Kulowa mu access point muli kutali

FUNSO: Akonzi, ndili ndi access point (makina ogawa Wi-Fi) ya Cisco pamalo ogona alendo ku Chinkhoma, koma ndimakhala pa boma ku Kasungu. Ikavuta ndimakwera minibasi kukangosintha kanthu kamodzi. Ndingamalowemo bwanji ndili kunyumba? Nanga kabowo kolembedwa console ndi ka chiyani? Ndine bambo wa ku Kasungu.

YANKHO: Bambo, yambani ndi kabowoko, kolumikizira laputopu mwachindunji ku makinawo, chifukwa ndiko kadzakupulumutseni tsiku limene netiweki idzakutsekereni kunja. Kamaoneka ngati kolowetsa chingwe cha intaneti, koma chingwe wamba sichigwira pamenepo. Pamafunika chingwe cha rollover, chophwatalala chija chamtundu wa buluu, pamodzi ndi adaputa ya USB ngati laputopu yanu ilibe polowetsa serial. Ikani driver ya adaputayo, muone mu Device Manager nambala imene yapatsidwa, mwina COM3 kapena COM4. Tsegulani pulogalamu ya PuTTY, sankhani Serial, liwiro 9600, data bits 8, parity palibe, stop bit 1, flow control palibe, kenako dinani Enter.

Pakamatuluka zilembo zachabechabe, makinawo sanafe ayi. Liwiro ndilo lasemphana, yesani 115200, lomwe MikroTik amagwiritsa ntchito. Pakangoti zii, kawirikawiri vuto ndi nambala ya COM kapena chingwe. Ndipo chonde, chingwechi chisakalowe m'bowo la PoE, m'menemo mumadutsa magetsi.

Za kutali tsono. Izi ndi za access point yoima payokha, osati yolamulidwa ndi controller (makina oyang'anira ma access point ambiri). Ipatseni IP yokhazikika pa BVI1 (interface yoyendetsera makinawo), muikenso default gateway, yomwe ndi IP ya rauta yanu. Mukaiwala gateway, idzayankha anthu a pomwepo okha. Kenako ipatseni hostname ndi ip domain-name, chifukwa popanda ziwirizi kiyi ya SSH, njira yotetezeka yolowera muli kutali, sipangika. Lembani crypto key generate rsa, musankhe 2048, kenako ip ssh version 2. Pangani username yokhala ndi mawu achinsinsi ataliatali, ndipo pa line vty muike login local ndi transport input ssh.

Telnet, njira yakale yolowera muli kutali, ya pa port 23, itsekeni osayang'ana m'mbuyo. Imatumiza mawu achinsinsi osabisika, pamene SSH ya pa port 22 imawabisa. Mukamaliza lembani write memory, apo ayi magetsi akangothima zonse zapita.

Ambiri amagwa apa: amatsegula port 22 pa rauta n'kudabwa kuti kunyumba sakulowabe. Intaneti ya pa simu khadi nthawi zambiri imagawana IP imodzi pakati pa makasitomala ambiri, choncho wochokera kunja sangakupezeni. Njira yake ndi VPN (msewu wobisika wodutsa pa intaneti), monga WireGuard, yoyambira pa rauta ya ku Chinkhoma kupita ku seva yokhala ndi IP yakeyake. Ife timakonda njira imeneyi ngakhale IP ilipo, chifukwa port yotseguka imagogodedwa ndi akuba usana ndi usiku. Alendo anunso asafike pa IP yoyendetsera makinawo. Aikeni pa VLAN yawo, kutanthauza gawo lawolawo la netiweki.

Musanasinthe chilichonse muli ku boma, lembani reload in 10. Mukadzitsekera kunja, pakatha mphindi 10 makinawo adzayambanso okha ndi zimene munasunga kale. Zikayenda bwino, lembani reload cancel, kenako write memory.